Kanema wa pompopompo akamadula ku Chigwa cha Shire: zizindikiro, zoyambitsa ndi kukonza kwake

Foni yanga imalira nthawi zodziwika: Lamlungu cha m'ma 10 koloko mapemphero atangoyamba, kapena Loweruka masana pa maliro ndi pa ukwati. Mawu amakhala omwewo: "Achimwene, seva yafa." Ndikafika ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, kawirikawiri seva ndimaipeza ili bwinobwino. Chafooka ndi netiweki yotumizira, kapena laputopu yapsa ndi dzuwa, kapena magetsi anazima usiku n'kusokoneza makina. Ndalemba izi chifukwa mavuto ake ndi omwewomwewo chaka ndi chaka, ndipo ambiri mungathe kuwathetsa nokha anthu asanabalalike.

Kanema amadutsa malo atatu. Koyamba kuli wotumiza: kamera ndi laputopu yokhala ndi OBS Studio (pulogalamu youlutsira kanema), kapena foni. Pakati pali seva, kompyuta imene imalandira kanemayo n'kugawira oonera, kaya pulogalamu yake ndi MediaMTX, nginx yokhala ndi gawo la RTMP (njira yotumizira kanema ku seva), Owncast kapena Jitsi. Sevayo ikhoza kukhala kabokosi kali mu ofesi ya mpingo, kapena makina obwereka ali ku Johannesburg. Kumapeto kuli woonera ndi foni yake. Muzifufuza motsata njira imeneyi kuyambira ku kamera, ndipo muzisintha chinthu chimodzi n'kuyesa kaye. Mukasintha zinayi nthawi imodzi zinthu n'kuyenda, vuto likadzabwerera simudzadziwa pogwira.

Musanakhudze chilichonse, mu OBS dinani View kenako Stats. Kazenera kameneka kamawerenga zithunzi zimene zatayika ndi kumene zatayikira: pa netiweki, pa kupanikiza kanema, kapena pa kujambula kwa kompyuta. Kasiyeni kotsegula nthawi yonse imene mukuulutsa.

## Chithunzi chikuima-ima, nambala ya Dropped Frames (zithunzi zotayika pa netiweki) ikukwera

Ili ndiye vuto la tsiku ndi tsiku kuno. Zoyambitsa, kuyambira chimene ndimachipeza kwambiri:

1. Mukutumiza katundu wolemera kuposa mphamvu ya netiweki. Anthu akayesa liwiro la intaneti amayang'ana nambala ya download n'kusangalala. Poulutsa, nambala yofunika ndi ya upload, liwiro lotumizira, ndipo imeneyi nthawi zambiri imakhala yaing'ono.

- Yesani upload katatu, pamalo pomwe padzakhale laputopu, pa ola lomwe mudzaulutse. Tengani nambala yaing'ono pa zitatuzo.
- Bitrate (kuchuluka kwa data yotumizidwa pa sekondi) ya mu OBS isapitirire theka la nambala imeneyo. Ngati upload ndi 3 Mbps, ikani 1,500 kbps.
- Tsitsani chithunzi kufika pa 720p, ndipo ngati zikuvutabe, 480p pa 800 mpaka 1,000 kbps. Woonera ali pa foni, nkhope ya mlaliki aziiona bwino ndithu.
- Mu Settings, gawo la Advanced, yatsani njira imene imatsitsa bitrate yokha netiweki ikapanikizika. Chithunzi chimazilala pang'ono m'malo moima.

Ndimakangana ndi anyamata ambiri pa nkhani ya 1080p. Kamera yabwino imakopa, munthu amafuna aonetse zonse zimene ingathe. Koma chithunzi cha 480p chosadula ndi chimene abale akutali amathokoza.

2. Khamu lomwe labwera pamwambopo ndilo ladzaza netiweki. Lachisanu munayesa zinayenda, Lamlungu zakana. Kusiyana kwake ndi anthu mazana amene afika ndi mafoni awo, onse akukoka pa nsanja imodzi. Tsiku la msika zimateronso.

- Khalani ndi ma SIM a makampani awiri, muyese onse pamalopo.
- Kwezani rauta pamwamba, pafupi ndi zenera, kutali ndi malata. Nyumba yofolera malata imadya netiweki.
- Sinthani pasiwedi ya Wi-Fi imene mukuulutsira. Kawirikawiri a kwaya ndi achinyamata onse amakhala akuidziwa.

3. Wi-Fi pakati pa laputopu ndi rauta. Lumikizani ndi waya wa Ethernet. Ngati mukugwiritsa ntchito foni, ilumikizeni ku laputopu ndi chingwe cha USB m'malo mwa hotspot.

4. Bandulo yatha, kapena ndi ya mtundu wolakwika. Werengani musanayambe: 1,500 kbps imadya pafupifupi 675 MB pa ola, ndipo 2,500 kbps imadya pafupifupi 1.1 GB pa ola. Mapemphero a maola atatu pa 1,500 kbps afuna 2 GB n'kupitirira pang'ono. Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha singatumize kanema ku seva yanu.

5. Foni yadumphira ku netiweki ina. Kumene netiweki ya 4G ndi yofooka, foni imagwera pa 3G pakati pa mwambo. Ndipo kwa inu a ku Nsanje, makamaka cha ku Marka ndi m'mphepete mwa malire, foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique. Zimitsani roaming, sankhani netiweki yanu pamanja, ndipo ngati 4G ilipo ikhomereni pa 4G yokha.

Ngati zonsezi mwachita koma netiweki ikungotaya tizidutswa apo ndi apo, siyani RTMP muyese njira ina yotumizira yotchedwa SRT, ngati seva yanu imalandira. SRT imayenda pa UDP, njira yofulumira yoyendetsera data pa intaneti, ndipo imapemphanso zidutswa zotayika zokhazo. Ipatseni nthawi yodikira ya masekondi awiri kapena atatu. MediaMTX imalandira SRT pa khomo (port, nambala yolowera ku pulogalamu ya pa seva) la 8890.

## M'mawa zimayenda, likafika dzuwa la masana zimawonongeka

Aliyense wotsika ku Thabwa mwezi wa Okutobala amadziwa mpweya umene umamulandira m'munsimu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo makina akatenthedwa amadzichepetsa liwiro okha kuti asapse.

Chaka china mu Novembala ndinaitanidwa pa maliro cha ku Ngabu. Mwana wa malemu anali ku Johannesburg, analephera kubwera, ndipo amaonera pa foni. Mwambo wa m'mawa unaoneka bwino, koma itakwana 1 koloko chithunzi chinayamba kunjenjemera n'kuima. Ndinapeza laputopu ili pa mpando pansi pa tenti, ataiyalira chitenje pansi n'kuifunditsa china pofuna kuiteteza ku fumbi. Maganizo anali abwino, koma nsaluyo inatseka timabowo totulutsira mpweya. Pa Stats, Dropped Frames inali pa ziro, koma mzere wa encoding lag, wa zithunzi zotayika popanikiza kanema, unali ukukwera. Tinaichotsa, tinaisanjika pa njerwa ziwiri pansi pa mtengo wa nimu, ndipo pofika nthawi yotsitsa bokosi mwana uja anaona zonse.

Fufuzani motere:

1. Laputopu yatenthedwa. Chizindikiro chake ndi encoding lag kukwera pamene netiweki ili bwino. Isanjikeni kuti mpweya uzidutsa pansi, pamthunzi, ndipo ngati pali fani ilozetseni pomwepo. Fumbi la m'kati lizichotsedwa dzuwa lisanayambe kuswa mtengo.
2. OBS ikupanikiza kanema ndi purosesa. Pa Encoder, ngati pali x264, sinthani musankhe NVENC, Quick Sync kapena AMF, zimene zimapeputsa ntchito ya purosesa, malingana ndi laputopu yanu. Ngati palibe, ikani x264 pa veryfast kapena superfast, mafulemu 25 kapena 30 pa sekondi.
3. Foni kapena rauta yatenthedwa. Foni imene ikutchaja, ikugawa intaneti, komanso ili padzuwa, siikhalitsa. Ichotseni m'chikwama chake. Musaiike mu kula bokisi ya madzi oundana, chinyezi chidzalowa m'kati.
4. Seva yeniyeniyo yatenthedwa. Ngati ndi Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono), lembani pa sevayo lamulo la `vcgencmd measure_temp`. Imayamba kudzichepetsa liwiro ikafika madigiri 80. Lamulo la `vcgencmd get_throttled` likabweza 0x0 ndiye kuti zili bwino; nambala ina iliyonse ikusonyeza kutentha kapena magetsi ochepa kuchokera ku tchaja.

## OBS ikukana kulumikizana ndi seva

Apa nthawi zambiri vuto ndi laling'ono.

1. Adiresi kapena stream key (kiyi yachinsinsi youlutsira) yalembedwa molakwika. Kampata kamodzi kumapeto n'kokwanira. Fufutani, koperani mwatsopano.
2. Adiresi ya seva yasintha. Magetsi akazima n'kubwera, rauta imatha kupatsa seva nambala ina. Onani nambala yatsopano pa rauta, kenako muikhomere kuti sevayo izilandira nambala imodzi nthawi zonse.
3. Pulogalamu ya seva sikuyenda. Lembani `systemctl status` ndi dzina la pulogalamuyo. Lamulo la `ss -tlnp` limaonetsa makomo otsegula. RTMP imadikira pa 1935.
4. Firewall, mpanda woteteza seva, yatseka khomo. Pa seva yobwereka pamakhala mipanda iwiri: wa m'kati mwa makinawo, ndi wa pa tsamba la kampani imene mwabwerekako. Anthu amatsegula umodzi n'kuiwala unzake.
5. Wina akutumiza kale ndi kiyi yomweyo. Kawirikawiri ndi foni imene munayesera dzulo. Itsekeni.

## Ali pa Wi-Fi yanu akuona, akutali sakuona

Mwaika seva mu ofesi, pa laputopu yanu zikuoneka, koma m'bale wa ku Blantyre akungoona kachizindikiro kozungulira. Mnyamata watsegula makomo onse pa rauta, sizikusintha.

1. Intaneti yanu ilibe adiresi yakeyake. Netiweki za mafoni zimaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, njira imene amati CGNAT. Starlink pa mapulani ake wamba imateronso. Zili ngati mudzi wonse kulandirira makalata pa bokosi limodzi la sukulu: inu mutha kutumiza kalata kunja, koma mlendo sangapeze khomo lanu.

- Onani adiresi ya WAN (ya mbali yakunja) pa rauta, muiyerekeze ndi imene imaoneka mukafunsa pa intaneti kuti IP yanu ndi iti. Zikasiyana, kapena ya pa rauta ikuyamba ndi 10, kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli kuseri kwa CGNAT.
- Zikatero kutsegula makomo pa rauta n'kutaya nthawi. Bwerekani seva yaing'ono ya pa intaneti, muzitumiza kanema kumeneko. Sankhani ya ku Johannesburg osati ya ku Ulaya, ulendo ufupike.
- Ngati mukufunitsitsa kuti seva ikhale pa malo anu, ilumikizeni ndi seva yobwerekayo kudzera pa WireGuard (pulogalamu yolumikiza makina awiri mwachinsinsi pa intaneti), kapena funsani kampani ya intaneti ngati imagulitsa adiresi yanuyanu.

Kwa ife a kuchigwa ndimalimbikitsa seva yobwereka pa chifukwa chinanso. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira ku Chikwawa konkuno, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 kunabweranso Freddy. Seva imene ili mu ofesi ya m'chigwa imagona limodzi ndi magetsi, ndipo madzi akasefukira imatha kupita ndi zojambula zonse za zaka zambiri.

2. WebRTC, njira yoyendetsera kanema ndi mawu mu browser nthawi yomweyo, ilibe TURN. Ngati tsamba likutseguka koma kanema ndi wakuda, kapena pa msonkhano wa Jitsi ena akumvana ena ayi, vuto lili apa. WebRTC imayesa kupeza njira yachidule pakati pa makina awiri mothandizidwa ndi STUN, seva imene imauza makinawo adiresi yawo ya panja. Njirayo ikatsekedwa, pamafunika TURN, imene imanyamula kanemayo ngati mkhalapakati.

- Mu Chrome tsegulani `chrome://webrtc-internals`. Ngati ICE, gawo lofufuza njira, ikuthera pa failed, njira sinapezeke.
- Ikani coturn (pulogalamu ya TURN), tsegulani khomo la 3478 pa UDP ndi TCP, pamodzi ndi makomo a UDP amene mwaipatsa kuti izinyamulira.
- Maofesi ndi masukulu ena amatseka UDP yonse. Kwa amenewo TURN iziyankhanso pa 443 kudzera pa TLS, chitetezo chomwe cha masamba a HTTPS.

3. Seva ikulengeza adiresi ya m'kati. Pa MediaMTX lembani adiresi yake ya panja pa mzere wa `webrtcAdditionalHosts`, ndipo onetsetsani kuti khomo la UDP 8189 ndi lotsegula kuwonjezera pa 8889.

4. Mwapatsa anthu linki ya RTMP. Flash inatha kumapeto kwa 2020, ndipo browser ya masiku ano siiseweranso RTMP. RTMP ndi yotumizira ku seva basi. Oonera apatseni HLS kapena WebRTC, njira zimene browser imasewera.

## Oonera akutsalira ndi masekondi 20 kapena 30

Mphunzitsi afunsa funso, ophunzira a ku Makhanga ayankha iye atapita kale pa mutu wina. Seva sinawonongeke. HLS imaduladula kanema m'zidutswa, ndipo foni ya woonera imayamba yasonkhanitsa zidutswa pafupifupi zitatu isanayambe kuonetsa. Zidutswa zikakhala za masekondi 6, kuchedwa kumafika 18 n'kupitirira.

1. Keyframe Interval ili pa 0. OBS ikasiyidwa kuti isankhe yokha, x264 imatha kudikira masekondi oposa 8. Seva singadule chidutswa pakati popanda keyframe, chithunzi chathunthu choyambira chidutswa. Ikani 2.
2. Zidutswa n'zazitali. Pa nginx, `hls_fragment` imayamba ili pa masekondi 5. Itsitseni pa 2.
3. Foni ya woonera inatsalira itadula kanthawi. Atsegulenso tsambalo.
4. Mukugwiritsa ntchito njira yosayenera ntchitoyo. Pofunsana ndi kuyankhana pamafunika WebRTC, imene imachedwa ndi nthawi yosakwana sekondi. Kuyambira pa OBS 30, imene inatuluka mu 2023, mutha kutumiza mwachindunji ndi WHIP, njira yotumizira kanema ku seva pa WebRTC. Zimitsani ma B-frame (zithunzi zodalira zam'mbuyo ndi zam'tsogolo), chifukwa WebRTC sigwirizana nawo ndipo chithunzi chimadumphadumpha.

Koma ganizani kaye ngati kuchedwako kukupweteka wina. Pa mapemphero, pa ukwati kapena pa maliro, woonera sakuyankha kanthu, ndipo masekondi 20 amenewo ndi nkhokwe yake: netiweki ikagwedezeka, foni imadya zimene inasunga. Mukachotsa nkhokweyo, woonera wa ku mudzi wa netiweki yofooka ndiye amayamba kuvutika.

## Mavuto a mawu

Chithunzi chikazilala anthu amapirira, koma mawu akasowa amatseka foni.

Chithunzi chilipo, mawu palibe

- Browser imayamba kanema ili chete mpaka munthu adine kachizindikiro ka sipika. Auzeni oonera zimenezi poyamba.
- Mu OBS onani ngati mzere wobiriwira wa mawu ukugwedezeka. Ngati sukugwedezeka, vuto lili pakati pa mikisa ndi laputopu. Waya wa USB ukazulidwa n'kubwezeredwa, sankhaninso chipangizocho mu Properties.
- Ngati a HLS akumva koma a WebRTC ayi, mawu anu apanikizidwa mu mtundu wa AAC pamene WebRTC imafuna wa Opus. Tumizani ndi WHIP, kapena pulogalamu ya FFmpeg iwasinthe pa seva ndi `-c:a libopus`.

Mawu ndi milomo sizikuyendera limodzi

- Ngati kusiyanako n'kofanana kuyambira poyamba, kamera ndiyo ikuchedwa. Ombani m'manja kamodzi patsogolo pa kamera mukujambula, onani kusiyana kwake, kenako wonjezerani Sync Offset mu Advanced Audio Properties. Yambani ndi 200 ms.
- Ngati kusiyanako kukukula pamene nthawi ikupita, zipangizo zikuwerenga mawu mosiyana, china pa 44.1 kHz china pa 48 kHz. Ikani zonse pa 48 kHz, mu Windows ndi mu OBS momwe.

Kukumveka kulira kwa "huuu" pansi pa mawu

- Zulani tchaja ya laputopu. Kulirako kukaleka, kukuchokera ku magetsi, makamaka jenereta kapena invata yotchipa.
- Lumikizani mikisa ndi laputopu pa soketi imodzi, kapena ikani DI box, kabokosi kolekanitsa magetsi a zipangizo ziwirizo, pakati pawo.
- Musadule kapena kuchotsa mwendo wa earth pa pulagi pofuna kuthetsa kuliraku. Mwendo umenewo ndi umene umateteza wogwira maikolofoni.

Mawu akubwerezabwereza

Wina m'chipindamo akuonera kanemayo pa foni, ndipo maikolofoni ikutolanso mawu ake. Nthawi zambiri amakhala amene akuyang'anira ndemanga za oonera. Avale mahedifoni. Onaninso kuti maikolofoni ya laputopu ndi ya kamera n'zotseka, yotsegula ikhale ya mikisa yokha.

## Kamera ikukana kutseguka pa tsamba, kapena macheza akudula

1. Munthuyo anakana chilolezo. Adine kachizindikiro kali pafupi ndi adiresi ya tsamba, alole kamera ndi maikolofoni. Ngati anatsegula linkiyo m'kati mwa Facebook, aikopere mu Chrome.
2. Tsamba lilibe HTTPS. Browser siipereka kamera ku tsamba la HTTP wamba. Pezani satifiketi, chiphaso chimene chimapatsa tsamba HTTPS.
3. Satifiketi yatha. Ya Let's Encrypt, bungwe lopereka masatifiketi, mwachizolowezi imakhala masiku 90 ndipo imayenera kudzikonzanso yokha. Yesani `certbot renew --dry-run`. Chimene chimailepheretsa kawirikawiri ndi khomo la 80 limene wina anatseka.
4. Wotchi ya foni kapena ya seva yasokonekera. Tsiku likalakwika, satifiketi yabwinobwino imaoneka ngati yabodza.
5. Macheza akudula pakatha mphindi imodzi yachete. Mauthenga a pompopompo amayenda pa WebSocket, kulumikizana kumene kumakhala kotsegula nthawi yonse. Ngati kutsogolo kuli nginx, imadula kulumikizana kumene kwakhala chete masekondi 60. Kwezani `proxy_read_timeout`, ikani `proxy_http_version 1.1`, ndipo mizere ya Upgrade ndi Connection ikhalepo. Popanda mizere imeneyi macheza sayamba n'komwe.

## Anthu akachuluka zonse zikugwa

Mukayesa anthu atatu zikuyenda, akafika 50 zikufa. Seva imatumiza kanema kwa woonera aliyense payekha. Anthu 50 pa 1.5 Mbps akufuna 75 Mbps yotuluka pa seva, ndipo mwambo wa maola awiri udya pafupifupi 67 GB. Rauta ya mu ofesi singanyamule zimenezi, ndipo seva yobwereka nayo ili ndi malire a data ya pa mwezi.

- Khamu lalikulu lipititseni ku Facebook kapena YouTube. Tumizani kamodzi ku seva yanu, sevayo ndiyo igawire kumeneko. Musatumize kuwiri kuchokera pa laputopu, upload idzagawika pakati.
- WebRTC isiyireni olankhula okha. Pa Jitsi pemphani omvetsera azimitse makamera.
- Lembani `htop`. Ngati purosesa yadzaza, seva ikusintha kanema kukhala milingo yambiri kuposa mphamvu yake. Siyani iwiri, wina wabwino wina wopepuka.

## Magetsi abwera, seva sikudzuka

1. Makina sanayake okha. Mu BIOS, zosankha za kompyuta zimene mumalowamo ikamayaka, muli posankha zochita magetsi akabwerera. Ikani kuti aziyaka okha.
2. Pulogalamu sinauzidwe kuyamba yokha. Lembani `systemctl enable` ndi dzina lake, kenako zimitsani n'kuyatsa kuti mutsimikize.
3. Disiki yadzaza ndi zojambula. Lembani `df -h`. Ikafika 100% mapulogalamu amakana kuyamba. Samutsani zojambula zakale.
4. Wotchi yabwerera m'mbuyo. Raspberry Pi zambiri zilibe batire ya wotchi, ndiye zikayaka intaneti isanabwere tsiku limalakwika. Onani ndi `timedatectl`.
5. Memori khadi yawonongeka. Kuzima mwadzidzidzi kumapha makhadi amenewa. Sungani khadi ina yokopera kale zonse, ndipo ngati mungathe samukirani pa SSD.

Rauta, seva ndi mikisa zikhale pa UPS (batire yogwirizira magetsi akazima) kapena pa batire ya sola, kuti nthawi yodikira jenereta kanema asaduke. Pojambula mu OBS sankhani MKV. MP4 wamba ikadulidwa ndi magetsi imatha kukana kutseguka yonse.

## Lekani pomwepo, itanani katswiri

Wa zamagetsi wovomerezeka, ngati:

- mikisa, maikolofoni kapena laputopu ikugwira anthu shoko, ngakhale pang'ono chabe
- pakumveka fungo la waya wopsa, kapena soketi yada
- batire ya laputopu, ya foni kapena ya UPS yatupa. Musaiboole, musaitchaje, itulutseni panja pamthunzi
- mukufuna kulumikiza jenereta kapena invata ku mawaya a nyumba
- chiphaliwali chagunda pafupi ndipo zipangizo zaleka kugwira ntchito

Zipangizo zikalowa madzi a chigumula musaziyatse kuti muone ngati zili moyo, ngakhale zitaoneka zouma kunja. Matope a m'kati ndi amene amaziwotcha. Kukwera pa denga kapena pa mlongoti kukakonza antena nthawi ya mvula musalole aliyense.

Wodziwa za maseva, ngati:

- pa seva yanu pakuoneka kanema amene simunatumize, kapena data ikutha usiku musakuulutsa. Sinthani stream key ndi mapasiwedi nthawi yomweyo, kenako muitaneni
- purosesa yadzaza ndi pulogalamu imene simukuidziwa
- disiki ikulira "tiki tiki" kapena ikulemba uthenga wa I/O error; izimitseni, chifukwa kuyesayesa kumamaliza zojambula zimene zikanapulumuka
- mukuika TURN koyamba, chifukwa yosatetezedwa bwino anthu achilendo amadutsitsapo katundu wawo pa bilu yanu
- mwafika poganiza zozimitsa firewall yonse kuti zinthu ziyende

Musayese kukweza pulogalamu ya seva kapena ya OBS m'mawa wa tsiku la mwambo. Chitani zimenezo Lolemba, muyese Lachitatu.

Poimba foni khalani ndi izi m'manja: ola limene vuto linayamba, chithunzi cha kazenera ka Stats chojambulidwa vuto lili m'kati, nambala ya upload imene munapeza, ndi fayilo ya log ya OBS imene ili pa Help kenako Log Files. Ngati mungathe, koperaninso mizere yomaliza ya `journalctl -u` ndi dzina la pulogalamu ya seva. Stream key ndi pasiwedi musaziponye pa gulu la WhatsApp la mpingo kapena la sukulu. Mupatseni katswiriyo payekha, ndipo akamaliza ntchito muzisinthe.